Nkhanga Zinapangana Kusanapse

Ana anga, inu amene munabwera kudzandiona Loweruka lija kuno ku Area 47, munanyamuka ndisanakuyankheni mokwanira. Dzuwa linali litapendeka, wina amathamangira kukatenga mwana, wina amafuna kukagona msanga poti anali ndi ulendo wa m'mbandakucha. Ndiye ndati ndilembe, kuti zimene tinayamba pakhonde zisapite ndi mphepo, komanso kuti anzanu amene sanabwere amve nawo.

Mafunso anu anali atatu. Mmodzi wa inu wakhala pampando wa kumanja zaka zambirimbiri, maola anakwana kalekale, mayeso onse anakhoza, koma mzere wachinayi paphewa sukubwera. Wina anabwerako kusukulu ku South Africa ndi laisensi m'thumba, makolo atagulitsa puloti kuti alipire fizi, koma lero akuthandiza kugulitsa m'shopu ya amalume ake ku Malangalanga. Wachitatu anandifunsa mosapsatira kuti, "Bambo, kodi tingonyanyala ntchito?" Ine imvizi zinandimerera m'ndege, ndipo kuwawa kwa kudikira ndimakudziwa. Ndiyankha onse atatu pamodzi, pakuti muzu wake ndi umodzi.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa mtima ukapsa munthu amaiwala kuwerenga. Kutsogolo kwa ndege kuli mipando iwiri: wa kumanzere ndi wa kaputeni, wa kumanja ndi wa womuthandiza. Kuti munthu awoloke kuchoka kumanja kupita kumanzere pamafunika zinthu ziwiri, luso lake ndi mpando wopanda munthu. Luso lili m'manja mwanu. Mumalipeza ndi laisensi ya CPL pa maola pafupifupi 200, ya ATPL pa maola 1,500, mayeso a mu simulator miyezi 6 iliyonse, ndi dokotala wokuyezani maso, makutu ndi mtima chaka ndi chaka. Koma mpando suli m'manja mwanu. Umapezeka kaputeni akapuma pantchito, akasamukira kwina, kapena kampani ikawonjezera ndege.

Tiyerekeze kampani ya ndege ziwiri, ndege iliyonse ili ndi makaputeni asanu. Mipando yonse ndi 10. Malamulo a zandege amalola kaputeni kuulutsa maulendo a pakati pa mayiko mpaka atakwanitsa zaka 65. Ngati makaputeni onsewo ali ndi zaka za m'ma 40, kaya mukhale katswiri wotani, mudikira zaka pafupifupi 20. Choncho mwana wanga wa kumpando wa kumanja, leka kudzikayikira, ndipo leka kuyang'ana kaputeni wako ndi diso loti apume liti. Iye si amene wakutsekera njira. Njira yako imatseguka ntchito ikamakula, ndipo funso lenileni ndi lakuti: ntchito ikakula, amene aiulutse ndani?

Pali njira ziwiri zobwerekera ndege. Yoyamba, imene pantchito timaitcha dry lease, mumabwereka ndege yokha. Mapayiloti, ogwira ntchito m'kati ndi amakaniko ndi anu. Yachiwiri ndi wet lease: ndege imabwera ndi anthu ake, amakaniko ake ndi inshulansi yake, inu n'kumalipira pa ola lililonse limene yauluka. Tikiti ndi yanu, dzina lolengezedwa pabwalo ndi lanu, nthawi zina ndi penti yemwe ndi wanu, koma maola akulowa mu logbook ya mwana wa eni ake. Tsikirani ku depoti ya ku Old Town mukaone. Mwini minibasi akachulukidwa makasitomala n'kubwereka minibasi ina pamodzi ndi dalaivala wake, kondakitala uja wakhala zaka akuyembekezera chiwongolero amakhalabe pachitseko n'kumaitanira. Ndalama ikulowa, anthu akufika kumene akupita, koma iye ali pomwepo.

Musandimve molakwa. Kubwereka ndege ndi anthu ake si tchimo. Ndege yanu ikapita kokakonzedwa kwa milungu ingapo, kapena anthu akachuluka nyengo ya Khirisimasi, kapena mukafuna kuyesa njira yatsopano musanataye ndalama, wet lease imapulumutsa kampani ndi ntchito zanu zomwe. Akulu anati mlendo ndi mame. Choopsa n'chakuti mame aja akhalebe pamsipu mpaka masana.

Zimenezi zinandionekera ineyo, pa kampani ina imene ndinagwirako ntchito kunja kwa dziko lino. Kunabwera ndege yaikulu ndi anthu ake, ndipo tinauzidwa kuti ndi ya miyezi yochepa chabe. Nthawi imeneyo ife tinali pa mkangano waukulu wa ndalama ya chakudya cha paulendo. Tinakhala misonkhano usiku, tinalemba makalata, ndipo pamapeto tinapambana: ndalama ija inakwera. Tinasangalala. Koma ndege yobwereka ija sinabwerere kwawo. Njira zonse zazitali zinapita kwa iyo, ife n'kutsala ndi zazifupi, ndipo zaka zimene ndikanakhala kumanzere ndinazithera kumanja. Palibe anatinamiza pa pepala, chifukwa panalibe pepala. Tinalimbana ndi zapamwamba, munda ukupita. Chilonda chimenechi ndi chimene chikundilembetsa kalata ino.

Mbiri ya dziko lathu nayo ili ndi phunziro lomweli. Air Malawi inabadwa mu 1964 ili mwana wa Central African Airways, imene likulu lake linali ku Salisbury, ndipo inaima payokha mu 1967. M'zaka za m'ma 1970 ndege yake ya VC10 inkafika ku London. Bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi linatsegulidwa mu 1983, likulu la dziko litasamuka kale ku Zomba kudza kuno mu 1975, ndipo Lilongwe inasiya kudalira kabwalo kakale kaja ka ku Airwing. Mu 1985, pa ulendo wa Kamuzu wa ku Britain, kunabwerekedwa chindege cha Boeing 747SP ku South African Airways, chitalembedwa dzina la Air Malawi. Amene tinachiona tinanyadira, ndipo sindichita manyazi kunena. Koma ulendo utatha chinabwerera kwa eni ake. Zimene zinatsala ndi ife ndi ndege zimene ana a kuno anaphunzira kuziulutsa ndi kuzikonza, monga Kwacha, Shire ndi Sapitwa. Dzina lolembedwa pachitsulo limafufutika ndi penti wina, koma luso lolowa m'manja mwa Mmalawi limakhala kuno.

Kenako munaona nokha. Kumapeto kwa 2012 boma linaganiza zothetsa Air Malawi chifukwa cha ngongole, monga Zambia Airways inathera mu 1994. M'malo mwake munabwera kampani yatsopano, boma lili ndi magawo 51 pa 100, Ethiopian Airlines ili ndi 49, ndipo inayamba kuuluka pa 31 January 2014 ndi Boeing 737 imodzi ndi Q400 imodzi. Tsiku limene kampani yatha, mndandanda wa amene anayamba ntchito kale umatha nawo. Kaputeni wa zaka zambiri amakagogoda pakhomo lina ngati mlendo. Kumbukirani zimenezi mukamaganiza kuti mavuto a kampani ndi a mabwana okha.

Tsono popeza ndatchula Aitiyopiya, ndikufuna muwaphunzire m'malo mowachitira nsanje. Kampani yawo inakhazikitsidwa mu 1945 mothandizidwa ndi kampani ya ku America ya TWA. Poyamba mapayiloti, amakaniko ndi mabwana anali Aamerika. Kusiyana kwake n'kwakuti pokonzanso mgwirizano wawo mu 1953, analembamo kuti cholinga n'chakuti m'tsogolo kampaniyo idzayendetsedwe ndi Aitiyopiya okhaokha. Mu 1957 Alemayehu Abebe anakhala kaputeni woyamba wa dziko lawo. Mu 1971 Semret Medhane anakhala mkulu wa kampani yonse, ndipo mu 1975 mgwirizano ndi TWA unatha. Zinatenga zaka 30. Sanathamangitse mlendo, ndipo sanamugonjere. Anamukhazika pansi n'kumuuza kuti, tiphunzitse, ndipo tilembe kuti udzatisiyira. Anamanga sukulu yawoyawo ku Addis Ababa, ndipo lero ndi iwo amene ali ndi magawo ku ASKY ku Togo, ku Zambia Airways yatsopano imene inayamba mu 2021, ndi kuno kwathu. Amene anakwera ndi makwerero otere sangadabwe inu mukapempha makwerero omwewo.

Ku America nako kuli phunziro, ngakhale kuti ndege zawo ndi zikwizikwi. Bungwe lawo la mapayiloti la ALPA linayamba mu 1931. Makampani aakulu kumeneko anayamba kupereka maulendo aafupi ku makampani ang'onoang'ono olipira zochepa, ndege zitapakidwa mitundu ya kampani yaikulu. Zitachitika za pa 11 September 2001, mapayiloti ambirimbiri anaimitsidwa ntchito, pamene makampani ang'onoang'ono aja amakula. Mu 2007 zaka zopumira zinakwezedwa kuchoka pa 60 kufika pa 65, ndipo kwa zaka zisanu mipando ya kumanzere inangoti zii, osatseguka. Mu February 2009 ndege ya Q400, mtundu womwewu mumaudziwa, inagwa pafupi ndi Buffalo n'kupha anthu 50. Matikiti anali a Continental, koma oulutsa anali a Colgan Air, ndipo kafukufuku anautsa nkhani ya maphunziro, kutopa ndi malipiro ochepa a mapayiloti a makampani otere. Chimene mapayiloti a kumeneko amachigwira ndi manja awiri ndi ndime ya mu mgwirizano yotchedwa scope clause, yonena kuti ndege zingati ndi zazikulu bwanji zingaperekedwe kwa ena. M'makampani akuluakulu malire ake ndi mipando 76. Nthawi zina anagulitsa ndime imeneyi posinthana ndi malipiro, ndipo amene analipira mtengo wake ndi achinyamata a kumunsi kwa mndandanda.

Tsopano ndifike kwa iwe amene unafunsa za sitalaka. Ufulu umenewo ulipo, ndipo sunabwere wokha. Madalaivala a malole a ku Blantyre anayamba kudzisonkhanitsa m'bungwe mu 1949, ndipo ogwira ntchito ku David Whitehead atanyanyala ntchito mu May 1992 dziko lonse linagwedezeka. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limakulolani kukhala ndi bungwe, ndipo likakhala ndi mamembala okwana 20 pa 100 alionse a pantchitopo, bwana ayenera kukhala nalo pansi. Koma lamulo lomwelo lili ndi ndondomeko: mkangano uyambe wapita ku Unduna wa Zantchito kuti akuyanjanitseni, ndipo zikakanika mupereke chidziwitso cha masiku 7. Chisinthireni lamuloli mu 2021, sitalaka ikapitirira masiku atatu pachaka bwana ali ndi mphamvu yodula malipiro. Mukadumpha ndondomeko, ku Industrial Relations Court mukagwa nayo ngakhale dandaulo lanu likhale loona.

Onaninso za anansi. Mu November 2022 mapayiloti a Kenya Airways ananyanyala ntchito, ndipo patatha masiku anayi khoti linawalamula kubwerera. Ku South African Airways, kampani italowa m'manja mwa oipulumutsa mu December 2019, mapayiloti anatsekeredwa kunja mu December 2020 pa mkangano wa mgwirizano wawo wakale wa 1988. Anakhala miyezi yambiri osalandira, ndipo pofika pakati pa 2021 mgwirizano uja unatha, kampani n'kuyambanso ndi anthu ochepa. Nthawi yomweyo Airlink, imene kale inkauluka pansi pa dzina la SAA, inaima payokha n'kukula. Mkondo wa sitalaka umalasa ngati ndege singauluke popanda inu. Koma kampani ya ndege ziwiri kapena zitatu ikhoza kuitanitsa ndege ndi anthu ake m'masiku ochepa, ndipo wokwera akhoza kungosamukira pa kauntala ya kampani ina pabwalo pomwepo. Mukanyanyala musanatseke khomo la wet lease, mwaitana nokha chinthu chimene mukulimbana nacho.

N'chifukwa chake ndikuti nkhanga zinapangana kusanapse. Nthawi yokambirana ndi ino, ndege zikuuluka, anthu akupatsana moni. Ndipo pokambiranapo malipiro asakhale oyamba. Choyamba chilembedwe n'chakuti ulendo uliwonse wogulitsidwa m'dzina la kampani ndi ntchito ya mapayiloti a pa mndandanda wa kampaniyo. Ndege yobwera ndi anthu ake ikhale ndi chifukwa chodziwika ndi tsiku lobwerera, ndipo ikapitirira tsikulo, anthu anu ayambe kuphunzitsidwa kuiulutsa. Chachiwiri, mndandanda wa amene anayamba kale ukhale poyera, aliyense adziwe nambala yake, maola ofunika ndi mayeso oyenera, kuti kukwezedwa kusamayendere kudziwana kapena kochokera. Chachitatu, kaputeni aliyense wochokera kunja amene wapatsidwa chilolezo chogwirira ntchito kuno cha TEP akhale ndi Mmalawi womuphunzira, wotchulidwa dzina, ndi chaka chimene adzatenge mpando. Chachinayi, ngongole ya maphunziro oulutsira mtundu wina wa ndege (type rating) ikhale ndi malire ndipo izichepa chaka ndi chaka, kuti isasanduke goli. Chachisanu, mulembe za tsiku loipa: ntchito ikachepa, achoke ndani poyamba, abwerere ndani poyamba, ndipo alipire ndani simulator ndi dokotala kuti laisensi isafe. Munaona mu 2020 mabwalo atatsekedwa kuyambira April mpaka September chifukwa cha Covid-19. Zotere sizipangana ndi munthu. Zisanu zimenezi zikalembedwa, kambiranani za ndalama, ndipo pokambirana kumbukirani kuti maphunziro anu amalipidwa m'madola pamene kwacha inagwa ndi 25 pa 100 mu May 2022 ndi 44 pa 100 mu November 2023.

Musapite nokha. Mapayiloti m'dziko lino ndi ochepa, ndipo anthu a mumzinda akakuonani ndi yunifolomu amaganiza kuti mulibe chodandaula. Mayi wogulitsa tomato pa mlatho wa Lilongwe sangakumvereni chisoni pa nkhani ya alawansi. Koma mukamuuza kuti mukufuna mwana wake akadzaphunzira adzapeze mpando, amva. Gwirizanani ndi mainjiniya, ogwira ntchito m'kati mwa ndege, olondolera ndege ndi onyamula katundu, pakuti wet lease imadya ntchito zawonso. Dziwanani ndi a MCTU, mgwirizano wa mabungwe a ogwira ntchito m'dziko lino, phunzirani kwa mabungwe a mapayiloti a mayiko ena amene ali pansi pa bungwe lawo la dziko lonse lapansi la IFALPA, ndipo pezani loya wodziwa malamulo a ntchito musanamufune. Mutu umodzi susenza denga. Kumbukiraninso kuti mwini magawo 51 ali ku Capital Hill, ndipo ndalama zake ndi misonkho ya Amalawi. Aphungu a ku Nyumba ya Malamulo ku City Centre ali ndi ufulu wofunsa kuti makaputeni a Chimalawi ndi angati chaka chino, ndipo adzakhala angati zaka zisanu zikubwerazi. Apatseni funso limenelo mwaulemu, ndi manambala oona, osati mphekesera za pa WhatsApp.

Za mlendo wokhala nanu kutsogolo kwa ndege, ndikupemphani ndi mtima wonse: musamude. Iye naye wasiya ana kwawo kudzafuna chakudya, monga ana athu ena akuulutsa ndege za eni ake kunja. Mkangano wanu uli ndi pepala limene silinalembedwe. Chitseko chikatsekedwa, inu awiri ndinu amodzi, ndipo kumbuyo kwanu kuli miyoyo ya anthu. Mkwiyo wa ku ofesi usakwere nawo ndege. Ndipo musadzagwiritse ntchito nkhani ya chitetezo ngati chida cha mkangano. Mukatopa nenani kuti mwatopa, ndege ikakhala ndi vuto lembani vutolo, koma musadzanamizire, chifukwa tsiku limene mudzanene zoona adzakukayikirani.

Iwe wa ku Malangalanga, usachite manyazi ndi kauntala ya amalume ako. Choopa ndi chimodzi, kuti laisensi ingafe. Sunga kangachepe ka dokotala ndi maola oitsitsimutsira. Usanyoze ndege zing'onozing'ono zopita ku Likoma, ku Chelinda kapena ku Mfuwe, ngakhale kuphunzitsa ena, ngakhale kukayesa mwayi ku Maun ku Botswana kumene achinyamata ambiri amayambira. Kutera pa kabwalo ka fumbi mphepo ikuwomba cham'mbali kumaphunzitsa zimene kompyuta singakuphunzitse. Koma usavomere kuuluka ulere, kapena kulipira kampani kuti ikupatse maola. Ukatero watsitsa mtengo wa ntchito ya aliyense, ndi yako yomwe ya mawa. Ndipo inu amene muli pantchito, mukamalemba mgwirizano muzikumbukira mnzanuyu amene sali m'chipindamo. Bungwe limene limateteza okhawo ali m'kati limakalamba n'kufa nawo.

Pa za m'thumba ndinene pang'ono. Yunifolomu imakopa munthu kuti akachite lendi ku Area 10 kapena ku Area 43 nthawi isanakwane. Ntchito yathu imatha ndi kalata imodzi ya dokotala. Khalani moyo woti mutha kupirira miyezi ingapo popanda malipiro. Munthu womangika ndi ngongole amasaina chilichonse chimene amuikira patebulo, ndipo bungwe la anthu otere lilibe mawu.

Wina akafuna kupita kunja kukafuna mpando wa kumanzere, apite ndi mtendere, ine sindimuletsa. Asiye phazi, asasiye mlomo, ndipo akadzabwerako adzaphunzitse ena. Koma musaganize kuti kuno n'kosatheka. Mu 2016 Yolanda Kaunda anakhala mayi woyamba wa Chimalawi kufika pa ukaputeni, ndipo mu March 2017 iye ndi Lusekelo Mwenifumbo anaulutsa ndege kupita ku Dar es Salaam, ogwira ntchito onse ali amayi. Khomo limatseguka. Chimene ndikufuna n'chakuti likatseguka pakhale choligwiriza cholembedwa, kuti lisatsekeke m'mbuyo mwa munthu mmodzi.

Loweruka loyamba la mwezi wa mawa bweraninso. Aliyense atenge kontirakiti yake ndi logbook yake, ndipo muitane injiniya mmodzi ndi mmodzi wa ogwira ntchito m'kati. Amayi anu akonza thobwa. Tidzawerenga ndime ndi ndime, tione zimene zalembedwa ndi zimene zikusowa, ndipo tsamba loyamba tidzalilemba pakhonde pano dzuwa lisanalowe.